Funsani Amalume: Kodi Hitler ndi Mussolini ankawajambula ndi ndani?

Mwezi wathawu ndinangotchulako pang'ono zoti ndimakonda kuonera ma dokumentale a mbiri yakale, makamaka aja ofotokoza mmene chifasisiti, ulamuliro wankhanza wa Mussolini ku Italy ndi Hitler ku Germany, chinakulira ku Ulaya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, koma abale inu mameseji ake anachita kukhuthuka ngati mvula. Ena mukufunsa, ena mukutsutsa, wina wandikalipira kumene. Ndasankhapo angapo, ndipo ena ndawadulako poti munalemba zitalizitali ngati kalata yofunsira mbeta.

Amalume, ndine mtsikana wa zaka 22 ndipo ndikuphunzira zopanga mafilimu. Ndaonera ma dokumentale a Hitler okwana sikisi pa YouTube koma chikundidabwitsa nchoti zithunzi zake nzomwezomwezo, asilikali ali pamzere, mbendera mbwee, iye akukuwa pansanja kamera ili mmunsi mwake. Kodi amangokoperana? Nanga anajambula poyambirira ndi ndani?

Mwana wanga waona bwino, ndipo funso lako lachiwirilo ndi limene wina aliyense amayenera kuyamba wadzifunsa asanakhulupirire chilichonse. Zambiri mwa zithunzi ukunenazo zimachokera mu filimu imodzi yokha, dzina lake Triumph des Willens, imene mayi wina wotchedwa Leni Riefenstahl anajambula pa msonkhano wa chipani cha Nazi ku Nuremberg mu Sepitembala 1934 nkuitulutsa mu 1935. Anamutuma ndi Hitler mwini wakeyo. Nde usaganize kuti panali mtolankhani amene anangopezeka pamalopo nkuyatsa kamera ayi, mayiyu anamupatsa makamera pafupifupi 30 ndi gulu la anthu oposa 100, anamuyalira tinjanji toyendetsapo kamera, mpaka anamangirira kachikepe pa mtengo wa mbendera kuti wojambula azikwera nako mmwamba nkumatenga chikhamu chonse chili ndandanda pansi. Kamera ya mmunsi ija sinapezeke pamenepo mwangozi. Munthu ukamujambula kuchokera pansi, kumbuyo kwake kumangooneka thambo basi, ndiye amaoneka chimunthu chachitali chopanda wochiposa. Taonanso mmene filimuyo imayambira, ndege ili m'mitambo, mthunzi wake ukutsetsereka pamadenga a mzindawo, kenako iye nkutulukira pakhomo la ndege ngati watsika kumwamba, azimayi akumwetulira, ana akukweza manja. Chikomekome cha mkuyu chenicheni.

Ndipo ndikuuze kankhani kena kamene sikatchulidwa kawirikawiri. Chaka cha 1933 mayi yemweyu anali atajambula kale msonkhano wina pamalo omwewo, filimu yake Der Sieg des Glaubens, ndipo mmenemo Hitler amaoneka ali phewa ndi phewa ndi Ernst Röhm, mkulu wa anyamata a malaya abulawuni aja otchedwa SA. Pakutha pa Juni 1934 Hitler analamula kuti Röhm ndi anzake agwidwe nkuphedwa, ndiye filimu ija inasanduka yochititsa manyazi, anaichotsa nkulamula kuti makope ake aonongedwe. Inapulumuka chifukwa kope ina inadzapezeka patapita zaka zambiri. Ukaziika pamodzi ziwirizi umaona mmene anthuwa ankakonzera mbiri yawo, chaka chino mnzako ali pambali pako, chaka chamawa palibe ndipo palibe wofunsa.

Ku Italy anayamba kale kuposa apo. Bungwe lopanga mafilimu la Istituto Luce linakhazikitsidwa mu 1924, ndipo pofika 1926 lamulo linali loti nyumba iliyonse yoonetsa kanema izionetsa nkhani za Luce, ufune usafune. Nchifukwa chake tili ndi Mussolini akupuntha tirigu atavula malaya, Mussolini ali pa hatchi, Mussolini ali pakhonde la Palazzo Venezia manja m'chiuno chibwano mmwamba. Mu 1937 anatsegula Cinecittà, mzinda wathunthu wopangirako mafilimu ku Rome, ndipo mawu amene ankanyadira nawo anali oti kanema ndiye chida champhamvu kuposa zonse. Ndiye ukandifunsa ngati opanga ma dokumentale amakoperana, eya ena amatero chifukwa cha ulesi, koma vuto lalikulu nloti chitsime chimene onse akutungapo anakumba ndi achifasisiti eni akewo.

Bambo, ine sindikuona vuto. Kaya anajambula ndani, anthu aja analipo, si zidole. Zikuonekeratu kuti dziko lonse la Germany linamufuna Hitler nkumuvotera. Ine ndi mphunzitsi wopuma ndipo ana ndinkawauza choncho.

Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, apa ndiye pamene kamera inakupusitsani pamodzi ndi ana anuwo. Anthu analipodi, zoona, ndipo ambiri ankamukondadi munthuyo, sindikufuna kuwayeretsa. Koma chikhamu cha ku Nuremberg ndi cha 1934, nthawi imene zipani zina zonse zinali zitaletsedwa kale, mabungwe a anthu apantchito atathetsedwa, ndende ya Dachau itatsegulidwa kuyambira Malichi 1933, ndipo anthu ali pabwalopo ndi a chipani amene anachita kuwatuta pa masitima. Mukatenga chithunzi chimenecho nkuchiika pamene wofotokoza akunena za 1930 kapena 1932, ngati mmene ma dokumentale ambiri amachitira, mwanamiza anthu ngakhale mawu anu onse ali oona.

Tiyeni tione mavoti. Mu 1928 chipani cha Nazi chinapeza 2.6 peresenti yokha, kachipani kosekedwa. Chuma chitagwa mu 1929, mu 1930 chinadumphira pa 18.3 peresenti. Mu Julayi 1932, anthu osowa ntchito atafika cha m'ma 6 miliyoni, chinapeza 37.3 peresenti, ndipo pamenepo mpamene chinalekezera pa zisankho zaufulu. Mu Novembala chaka chomwecho chinatsika kufika pa 33.1, ndalama za kampeni zitawathera. Pa mpando wa pulezidenti Hitler anapikisana ndi Paul von Hindenburg mu 1932 nkuluza. Ngakhale mu Malichi 1933, nyumba ya malamulo ya Reichstag itapsa pa 27 Febuluwale, achikomyunizimu akumangidwa, anyamata a SA akuopseza anthu m'misewu, anapeza 43.9 peresenti, osafika theka.

Nanga analowa bwanji? Anamulowetsa ndi madoda ochepa okhala m'zipinda. Pa 4 Januwale 1933 Franz von Papen, amene anakhalapo mtsogoleri wa boma, anakumana ndi Hitler kunyumba kwa mkulu wina wa banki, Kurt von Schröder, ku Cologne, ndipo masabata otsatirawo Papen anamunyengerera pulezidenti Hindenburg, nkhalamba ya zaka 85, kuti amupatse Hitler mpando wa mtsogoleri wa boma. Pa 30 Januwale anamupatsadi. Mu nduna 11 a Nazi analimo atatu okha, ndipo Papen ankadzitama kuti munthuyu amulemba ganyu, amugwira pamphuno. Ndiye funso langa kwa inu aphunzitsi nlakuti, filimu ya zokambirana za m'chipinda chija ili kuti? Palibe. Wopanga dokumentale ali ndi maola ndi maola a anthu oguba, koma zimene zinasinthadi zinthu alibe ngakhale mphindi imodzi, ndiye chimene chimachitika nchoti nkhani imapendekera kumene kuli zithunzi. Ngakhale chionetsero cha miuni cha usiku wa pa 30 Januwale chodutsa pa chipata cha Brandenburg Gate ku Berlin, zithunzi zina zowala bwino zimene mumaziona anachita kubwereza pambuyo pake kuti kamera itenge bwino, poti za usiku weniweniwo zinali zamdima.

Za Mussolini ndiye zoseketsa zikanakhala kuti sizinaphetse anthu. Tonse timamva za ulendo woguba kupita ku Rome wa mu Okutobala 1922 ngati kuti analanda mzinda ndi mphamvu. Chipani chake chinali ndi mipando 35 yokha mwa 535. Anyamata ake a malaya akuda anali kunja kwa mzinda akunyowa ndi mvula, ambiri opanda zida zenizeni, ndipo asilikali a boma akanawabalalitsa, koma mfumu Victor Emmanuel III inakana kusayina chikalata chimene nduna yaikulu Luigi Facta anapempha. Mussolini nthawi yonseyi anali ku Milan. Ataitanidwa anakwera sitima ya usiku, ya mabedi, nkufika pa 30 Okutobala, ndipo kuguba kumene timaona pa filimu kunachitika atamupatsa kale mpando. Wopanga mafilimu wina, Mark Cousins, mu 2022 anatulutsa dokumentale imene anakhala pansi nkumasula filimu yachipani ya nthawi imeneyo yotchedwa A Noi! kachidutswa ndi kachidutswa, kuonetsa pamene anabwereza chithunzi chimodzi kuti anthu aoneke ochuluka. Dokumentale ya Cousins imeneyo muifunefune aphunzitsi.

Amalume funso langa ndi lachibwana mwina. Bwanji anthu a m'mafilimu akalewa amayenda mothamanga ngati akuthawa ngongole? Ndipo ena ndi amakala, kodi makamera amakala analipo?

Si lachibwana achimwene. Makamera a nthawi ya mafilimu opanda mawu ankapukusidwa ndi dzanja, ndipo ankatenga zithunzi za m'ma 16 kapena 18 pa sekondi imodzi. Mafilimu a mawu atabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 liwiro linakhazikika pa 24, ndiye ukaseweretsa yakale ija pa liwiro latsopanoli aliyense amangoti njonjonjo. Wodziwa ntchito amabweza liwiro lake. Za makala ziliko ziwiri. Zilipo zenizeni, monga timafilimu ta 16mm timene Eva Braun, chibwenzi cha Hitler, ankajambula kunyumba ya Hitler ya kuphiri ku Berghof, ndipo tilibe mawu. Zina zambiri ndi zakuda ndi zoyera zimene azipaka makala pa kompyuta masiku ano, ndipo pamenepo wopakayo amangoganizira kuti diresi ili mwina linali lobiriwira. Ndipo tcherani khutu, phokoso la nsapato lija, kgwa kgwa kgwa, ndi kukuwa kwa anthu, nthawi zambiri amachita kuikamo mu situdiyo.

Achimwene, kodi nthawi imeneyo panalibe anthu ojambula zotsutsa? Azungu a mayiko ena ankangoonerera?

Analipo koma ochepa, ndipo nawonso anali ndi mavuto awo. Mkati mwa Germany zinali zovuta kuyambira kale chifukwa kampani yaikulu ya mafilimu ya UFA, pamodzi ndi nkhani zake za pa kanema, inagulidwa mu 1927 ndi Alfred Hugenberg, mkulu wa chipani china chokonda dziko mopyola muyeso amene anadzakhala nduna m'boma loyamba la Hitler. Kuyambira Malichi 1933 Joseph Goebbels anakhala ndi unduna wake wa pulopaganda, ndipo kuti ugwire kamera pantchito unkayenera kukhala membala wa bungwe la boma la mafilimu, Ayuda osaloledwa. Nchifukwa chake usiku wa pa 9 Novembala 1938, pamene masunagoge mazanamazana anatenthedwa ndi mashopu a Ayuda kuphwanyidwa, tili ndi timadutswa tochepa chabe tojambulidwa ndi anthu wamba. Boma lija linkajambula ngakhale kutsegulira kwa msewu, koma usiku umenewo makamera ake anagona.

Kunja, mu 1938 anthu a ku America opanga nkhani za pa kanema za The March of Time anatulutsa gawo lotchedwa Inside Nazi Germany, ndipo linachita phokoso. Koma taonani zake, zithunzi zimene Julien Bryan anabwera nazo kuchokera ku Germany zinali zoti a boma amuloleza, zooneka bwinobwino, ndiye opangawo anaikapo mawu akuthwa nkuwonjezera zigawo zina zimene anachita kusewera ku New Jersey komweko ndi anthu ovala ngati a ku Germany. Cholinga chabwino, njira yokhota. Ku Spain, nkhondo yapachiweniweni itayamba mu 1936, mkulu wa asilikali oukira boma Franco akuthandizidwa ndi Hitler ndi Mussolini, m-Dutch wina Joris Ivens anapita ndi kamera kumbali ya boma nkupanga The Spanish Earth mu 1937, mawu ake analemba ndi kuwerenga ndi Ernest Hemingway, ndipo ankaionetsa pofuna kusonkhetsa ndalama zogulira ma ambulansi. Ivens sanabise kuti ali mbali iti.

Ndiye pali Ethiopia. Italy inalowa m'dzikolo mu Okutobala 1935 ndipo Luce inatumiza gulu lake lojambula, kumaonetsa misewu ikulambulidwa, ndege zikuuluka mokongola, asilikali akumwetulira. Utsi wapoizoni umene ankathira pa anthu mulibemo. Mfumu ya Ethiopia Haile Selassie itapita ku Geneva mu Juni 1936 kukadandaula ku bungwe la mayiko la League of Nations, atolankhani a ku Italy anamuimbira malikhweru m'holo momwemo mpaka anawatulutsa. Dokumentale ya chifasisiti imene imadumpha Ethiopia ndi Libya nkumangokamba za Ulaya yekha ine ndimaiona ngati yoperewera mwendo umodzi.

Amalume ine mwandikhumudwitsa. Mukulimbikitsa achinyamata kuonera zinthu zoipazi? Mwana wanga wamwamuna wa zaka 16 anaonera kenakake pa TikTok ndipo akuti Hitler anali wa dongosolo, mayunifolomu ake okongola. Zimenezi zisamaonetsedwe nkomwe.

Amayi, kukalipa kwanu ndakumva ndipo sindikukutsutsani zonse. Chimene chamuchitikira mwana wanuyo ndi chimene filimu ija anaipangira, yagwira ntchito yake patapita zaka 90, ndipo kakanema ka masekondi 30 koikidwa nyimbo yamphamvu kumbuyo ndi pulopaganda yosasungunula. Ngakhale ku Germany komweko lamulo limaletsa kuonetsa zizindikiro za Nazi, kupatula pophunzitsa, pa kafukufuku, pa zaluso ndi zina zotero. Koma kubisa kokha sikuthandiza poti foni ili m'thumba mwake. Opanga mafilimu akhala akulimbana ndi funso lanulo kuyambira kale ndipo aliyense anayesa njira yake.

Frank Capra ku America, atapatsidwa ntchito yopanga mafilimu ofotokozera asilikali chifukwa chomenyera nkhondo kuyambira 1942, anatenga zithunzi za Riefenstahl zomwezo nkuzitembenuza, kuti taonani anthu amene tikulimbana nawo. Ku Britain munthu wina, Charles Ridley, anadula asilikali oguba aja nkumawapititsa kutsogolo ndi kumbuyo motsatira kanyimbo kovina ka ku London, anthu m'makanema nkumafa ndi phwete. Mikhail Romm wa ku Soviet Union mu 1965 anapanga yake yotchedwa Ordinary Fascism, nkumalankhula yekha pamwamba pa zithunzizo ndi mawu a munthu wotopa, wonyogodola, amaimitsa chithunzi nkukuuza kuti taona nkhope iyi, taona mmene akudzikonzera. Njira imeneyo ndimaikonda, ngakhale iyenso anali ndi zake zimene sakanatha kunena zokhudza boma la kwawo. Ndiye panali Philippe Mora amene mu 1973 anapanga Swastika, yopanda wofotokoza, nkuikamo timafilimu ta Eva Braun tija, Hitler akusewera ndi ana ndi agalu pakhonde, ndipo itaonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu ku Cannes kunabuka chipwirikiti, anthu akuti mukumusandutsa munthu wabwino. Iye ankati tikamamuona ngati chilombo chochokera kwina sitidzamuzindikira wotsatira wake. Mbali inayi kuli Claude Lanzmann amene mu Shoah ya 1985, ya maola oposa 9, anakana kuikamo ngakhale chithunzi chimodzi chakale, anangotenga anthu olankhula ndi malo mmene akuonekera lero.

Kwa mwana wanuyo ndinganene izi. Musamulande foni, khalani naye muonere limodzi kakanema komweko, kenako mufunseni kuti wagwira kamerayo waima pati, anamulola ndani kuima pamenepo, ndipo amene sali m'chithunzimo ali kuti. Kenako mupezereni The Nazis: A Warning from History ya BBC ya 1997 imene anapanga Laurence Rees. Mmenemo muli nkhalamba zimene zinali m'chipanimo zikulankhula zokha, zina zosachita ndi manyazi omwe, ndipo muli gawo loonetsa kuti dongosolo akulinenalo linali la pa kamera pokha, mkati mwa boma munali chisokonezo, maofesi kulimbirana ntchito imodzi, Hitler mwini wake kudzuka masana osafuna kuwerenga mapepala. Muli nkhani ya mafayilo a Gestapo a ku Würzburg amene anapulumuka, oonetsa kuti apolisi achinsinsiwo anali ochepa ndipo ntchito yambiri inkachokera kwa anthu wamba onenezana okhaokha. Mwana wa zaka 16 zimenezo amazimva.

Nanga mayi Riefenstahl uja anamutani nkhondo itatha?

Anamugwira, anamufunsa kangapo, pomaliza anangomuika m'gulu la otsatira chabe, osati olakwa akuluakulu. Anakhala moyo mpaka 2003, anamwalira ali ndi zaka 101, ndipo zaka zonsezo nyimbo yake inali imodzi, yoti iye anali waluso basi, ndale sankazidziwa, anangojambula zimene zinalipo. Koma pa filimu yake ina, Tiefland, anagwiritsa ntchito anthu a mtundu wa Roma ndi Sinti otengedwa m'misasa yotsekeramo anthu, ndipo ambiri mwa iwo anakafera ku msasa wopherako anthu wa Auschwitz. Luso anali nalo, za filimu yake ya masewero a Olympics yotchedwa Olympia ya 1938 ojambula masewero amaphunzirapobe mpaka pano. Zoti sankadziwa ine ayi.

Amalume ndi ine ndemwe wa funso loyamba uja, pepani ndabweranso. Kusukulu atiuza kuti tipange dokumentale ya mphindi 15 ndipo ndikufuna mutu womwewu. Ndilibe ndalama, ndili ndi laputopu basi. Ndiyambire pati?

Bwera kangati kaya, ndiwe amene ukundipatsa ntchito. Choyamba chepetsa mutu. Mphindi 15 sungalongosole kuyambira pangano la Versailles la 1919 mpaka kulowa mu Poland pa 1 Sepitembala 1939, dokumentale ya The World at War ya 1973 inali ndi zigawo 26 ndipo nayo inasiya zambiri. Tenga chinthu chimodzi. Mwachitsanzo masiku 30 a Januwale 1933. Kapena imfa ya Giacomo Matteotti, phungu wa ku Italy amene pa 30 Meyi 1924 anaimirira m'nyumba ya malamulo nkunena kuti chisankho chinali cha chinyengo ndi ziwawa, pa 10 Juni nkumukokera m'galimoto ku Rome, mtembo wake nkupezeka mu Ogasiti kunja kwa mzinda. Miyezi imeneyo boma la Mussolini linagwedezeka zedi, otsutsa anatuluka m'nyumba ya malamulo kudikira kuti mfumu ichitepo kanthu, mfumu osachita, ndipo pa 3 Januwale 1925 Mussolini anaima nkunena kuti zonse akuzisenza yekha, amene akufuna amuimbe mlandu. Palibe anatero. Imeneyo ndi filimu yathunthu, ili ndi poyambira, pakati ndi pothera.

Zithunzi uzipeza. British Pathé ndi Istituto Luce onse ali ndi matsamba awo pa YouTube, Bundesarchiv ya ku Germany, Imperial War Museum ya ku London ndi United States Holocaust Memorial Museum ali ndi zambiri zoti utha kuonera pa intaneti. Koma kuonera ndi kwina, kugwiritsa ntchito ndi kwina, zambiri zili ndi eni ake ndipo amalipiritsa, ndiye ngati filimuyo idzatuluke kunja kwa kalasi werenga malamulo a tsamba lililonse kapena uwalembere, ena amachitira chifundo ana asukulu. Ndipo kachidutswa kalikonse ukatenga lemba m'kope kuti wajambula ndani, liti, kuti, anamutuma ndani. Ukalephera kupeza mayankho amenewo kasiye. Pa sikirini uzilemba pakona kuti ichi ndi cha Luce 1926, ichi ndi cha chipani cha Nazi 1934, woonera adziwe kuti akuyang'ana ndi maso a ndani.

Pamene palibe filimu usachite mantha, ndipo usathamangire kutseka bowolo ndi asilikali oguba. Anyamata a Mussolini ankagwira anthu otsutsa nkuwamwetsa mafuta a nsatsi mokakamiza kuti adziyipitsire pagulu, ankatentha maofesi a mabungwe a alimi ndi manyuzipepala, ndipo zimenezo palibe anazijambula bwinobwino. Ukhoza kuika botolo patebulo, kamera nkungoliyang'ana, wina akuwerenga umboni. Pali manyuzipepala, mapositala a kampeni, ndalama za pepala za ku Germany za 1923 pamene dola imodzi inafika pa ma mark 4.2 thiriliyoni, pali madayale ngati a Victor Klemperer, pulofesa wachiyuda wa ku Dresden amene ankalemba tinthu ting'onoting'ono tsiku ndi tsiku, lero andiletsa ichi, mawa andilanda icho. Palinso zithunzi zimene Heinrich Hoffmann anamujambula Hitler mu situdiyo m'zaka za m'ma 1920 akuyeserera manja ndi nkhope zolankhulira, chibakera mmwamba, maso kuthambo, zala zotambasula. Ukaika zimenezo kaye kenako nkuonetsa akulankhula pansanja, woonera sangamuonenso chimodzimodzi.

Nyimbo usamale nazo. Ukaika ng'oma zamphamvu pansi pa anthu oguba ndiye kuti wamuthandiza Goebbels ntchito ulele. Yesa kuzimitsa mawu onse, kapena uchepetse liwiro, kapena ukulitse pakona pa chithunzi pamene wojambula sankafuna kuti tiyang'ane, wapolisi akukankha anthu, munthu mmodzi amene sanakweze dzanja, mwana wotopa akuyasamula. Kuona maso a nkhono nkudekha, ntchito imeneyi ndi ya kubwereza kachidutswa kamodzi maulendo 20.

Ndipo ngati ukufuna kuona zimene munthu angachite ndi zochepa, funafuna Three Minutes: A Lengthening ya 2021 imene anapanga Bianca Stigter. Mu 1938 bambo wina wa ku America, David Kurtz, ali paulendo ku Ulaya anaima m'tauni ya Nasielsk ku Poland nkujambula mphindi zitatu ndi kakamera kake, ana achiyuda akukankhana kuti aoneke, ena akutuluka m'sunagoge, mayi ataima pakhomo la shopu. Mdzukulu wake anadzaipeza filimuyo mu kabati ku Florida itatsala pang'ono kuonongeka. M'tauniyo munali Ayuda pafupifupi 3,000 ndipo amene anapulumuka sanafike 100. Stigter anatenga mphindi zitatu zomwezo nkuzitambasula kupitirira ola lathunthu pafupifupi osaonetsa china chilichonse, amaimitsa, amabweza, amakulitsa chikwangwani cha pashopu kuyesa kuwerenga dzina, amayang'ana zipewa za anyamata kuti adziwe amene anali a sukulu iti. Mnyamata mmodzi wa masaya onenepa m'gulumo anadzazindikiridwa ndi mdzukulu wake ataona pa intaneti, anali akadali moyo ku America, ndipo mawu ake amamveka mufilimumo akutchula anzake amene akuwakumbukira.

Ukamaliza kudula unditumizire linki ndione, ndipo ma sabutaito uwaike m'Chichewa.